Musanathire maziko pafupi ndi thiransifoma, tulutsani tepi

Nthawi yozizira yapitayi ndinaitanidwa kukaika mawaya m'chigayo china chatsopano kuno ku Thyolo, mukapitirira Luchenza pang'ono n'kukhotera kumidzi. Ndinafika m'mawa chiperoni chitakuta ponseponse. Mwini chigayo anandilandira akumwetulira, poti kwa iye ntchito inali itatha: khoma lakwera, malata akhomedwa, mota yabwera kuchokera ku Limbe ikadali m'pulasitiki. Kenako anandizungulitsa kuseri kuti ndikaone kumene magetsi adzachokere. Mapolo awiri onyamula thiransifoma anali ataima pafupi ndi khoma, moti nditatambasula manja, lina linagunda njerwa, linalo linatsala pang'ono kukhudza pholo. Nsonga za malata zinali zitaloza thanki yeniyeniyo ya thiransifoma, madzi a padenga akudonthera patsinde pa pholo.

"Amisiri, si ndaganiza bwino? Kebulo yakwera mtengo, ndiye ndinati tingoyandikira."

"Ya kebulo mwapulumutsadi, bambo," ndinawayankha, "koma khoma ili ligwetsedwa."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Koma khomalo linagwetsedwadi, ndipo simenti, njerwa ndi malipiro a omanga kachiwiri zinadya ndalama zoposa za kebulo imene ankaithawa ija.

Malo ozungulira thiransifoma ambiri amawaona ngati malo ongotayika, oti pangakwane kagolosale, khola la nkhuku kapena phando la nthochi. Malowo ali ndi ntchito. Ndi poima munthu amene adzabwere kudzakonza, ndi pothawira zinthu zikadzavuta. Ndi podutsa mphepo yoziziritsa thanki. Ndiponso ndi mpata woti mafuta a m'thankimo akadzayaka, moto usalumphire panyumba. Malowa amayezedwa njerwa yoyamba isanakhale pansi, ndipo ndondomeko yake ndi iyi.

Yambani ndi kudziwa chimene mwayandikana nacho

Imani pansi, chapatali, muyang'ane. Mawaya atatu apamwamba penipeni, olowa m'thiransifoma kudzera pa zinthu zooneka ngati mabotolo zija, amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000. Otulukira m'munsi ndi amene amabwera kwa ife: mavoti 230 a m'nyumba, kapena 400 a three phase oyendetsa chigayo. A 230 omwewo amapha, koma apamwambawo ali ndi khalidwe lina: sadikira kuti muwakhudze. Mukawayandikira kwambiri, magetsi amalumpha okha kudutsa mumpweya.

Dziwaninso mwini wake. Zambiri za m'misewu ndi m'misika ndi za ESCOM. M'maesiteti a tiyi muli zina zimene ndi za kampani, ndipo ku Bondo, m'mphepete mwa phiri la Mulanje, magetsi ake ndi a MEGA, ochokera mumtsinje wa Lichenya. Ngakhale mutakhala kuti munalipira ndinu kuti thiransifoma ibwere pamalo panu, zimenezo sizikupatsani chilolezo chokwera papholo, kusuntha waya kapena kukumba patsinde pake. Mmisiri wa mawaya ntchito yake imayambira pa mita yowerengera magetsi kulowa mkati, ndipo akhale ndi laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Muuzeni akuonetseni, musachite naye manyazi.

Pitani ku ofesi ya eni magetsi ndi pepala lojambula

Apa sinditaya nthawi. Jambulani malo anu papepala: msewu uli apa, mapolo ali apa, nyumba idzakhala apa, khomo lidzayang'ana uku. Pitani nalo ku ESCOM, kapena kwa eni thiransifomayo, muwapemphe akuuzeni mtunda umene salola kumangapo m'mbali mwa mawaya awo, ndipo ngati n'kotheka abwere adzaone. Zimene akuuzani alembe. Manambala onse amene nditchule m'munsimu ndi poyambira chabe. Akakupatsani nambala yokulirapo, tsatirani yawoyo.

Kuyeza kwenikweni

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, ngakhale amisiri anzanga. Amayeza kuchoka patsinde pa pholo kufika pakhoma, akapeza mamita atatu amati zili bwino. Pholo silipha munthu. Chimapha ndi waya, ndipo wayayo sali patsinde: ali pamtanda wopingasa pamwamba paja, womwe umatulukira kumbali. Khomanso si mapeto a nyumba, pali malata otulukira kunja, pali khonde, pali gatala.

Lamulo limene mayiko ambiri amatsatira ndi lakuti munthu wosaphunzira ntchito ya magetsi akuluakulu asafike pochepera mamita atatu kuchokera pa waya wamoyo wa msinkhu wa 11,000 kapena 33,000. Mawu akuti munthu akuphatikiza chilichonse chimene wagwira m'manja. Ndiye ganizirani kalipentala ali padenga, waimirira, wanyamula lata la mafiti 12. Latalo palokha ndi mamita atatu ndi theka n'kupitirira. Kamphepo kochokera kuphiri kakalikankha, mamita atatu anu aja atha. Ganiziraninso womanga akutembenuza chitsulo chachitali, mnyamata wokhoma dishi ya kanema, kapena mayi wothyola mapeyala ndi nsungwi yaiwisi m'mawa kuli mame. Nsungwi yonyowa imadutsitsa magetsi bwinobwino.

Choncho yezani motere. Imani pansi pa waya wakunja kwenikweni, wa mbali ya malo anu, muyang'ane kumwamba mpaka mutsimikize kuti muli pansi pake ndendende. Khomani chikhomo pamenepo, mosazamitsa. Kuchoka pachikhomocho kokani tepi pansi molunjika kumene kudzakhale nyumba, muyeze mamita atatu, kapena nambala imene akupatsani ku ofesi ija ngati ili yoposa. Khomani chikhomo chachiwiri. Chitani chimodzimodzi malo atatu kapena anayi motsatira waya, mumange chingwe, muwaze laimu kapena phulusa kuti mzere uoneke. Mzere umenewo ndi malire a nsonga ya lata, osati a maziko. Maziko abwerere m'mbuyo molingana ndi mmene denga lidzatulukire. Ine ndimaonjezeranso mita ina ngati malo alipo, chifukwa waya sukhala malo amodzi. Mphepo ikamaomba umagwedezekera kumbali, ndipo mwezi wa October dzuwa likaswa mtengo umafutukuka n'kulendewera pansi kuposa mmene munauonera mu June.

Tepi isachoke pansi. Musaitukule kuloza kumwamba, makamaka yachitsulo, ndipo musayese kutalika kwa waya ndi nsungwi, paipi kapena makwerero. Mukafuna kudziwa kutalika kwake gwiritsani ntchito dzuwa. Imikani ndodo ya mita imodzi chilili, muyeze chithunzithunzi chake, kenako muyeze chithunzithunzi cha pholo mpaka pamene pakuonekera mtanda uja. Ngati cha ndodo chili theka la mita ndipo cha pholo chili mamita anayi, ndiye kuti mtandawo uli pa mamita asanu ndi atatu. Kunoko vuto ndi loti mukhoza kudikira dzuwalo masiku atatu chiperoni chikakhazikika, komanso malo athu ambiri ndi otsetsereka, ndiye sankhani nthawi imene chithunzithunzi chagwera pamalo osalala.

Kutsetserekako kuli ndi msampha winanso. Pholo likakhala kumunsi, nyumba kumtunda, thiransifoma imene imaoneka yaitali mukaima patsinde pake imakhala pafupifupi mulingo umodzi ndi zenera lanu. Ku Thekerani ndi ku Makwasa zoterezi n'zosasowa. Yezani muli kumtunda, kumene anthu azidzaima. Ndipo ngati mukuti mwina m'tsogolo mudzamanga yosanja kapena kuika thanki ya madzi pamwamba, iwerengereni lero.

Pansi pa thiransifoma penipeni, ndi pansi pa mawaya akuluakulu, pasamangidwe kanthu ngakhale kachisakasa.

Ikakhala yokhala pansi

M'mafakitale a tiyi, m'zipatala, m'masukulu akuluakulu ndi m'zigayo zina zikuluzikulu, thiransifoma imakhala pansi, pa konkire. Makampani ambiri a magetsi amafuna mamita atatu opanda chotchinga kutsogolo, kumene kuli zitseko, ndi pafupifupi mita imodzi m'mbali ndi kumbuyo. Mamita atatuwo si mwambo chabe. Wozimitsa magetsi amagwiritsa ntchito ndodo yaitali yapadera, ndiye amafunika poima ndi pobwerera m'mbuyo. Tsiku lina thiransifomayo idzafunikanso kunyamulidwa ndi galimoto ya kireni, choncho njira yofikira pamenepo isatsekedwe ndi mpanda wa njerwa wopanda geti.

Konkire yokhalapo ikwere kuposa pamene madzi amafika mvula ikagwa mwamphamvu. Ku Mulanje musafunse womanga, funsani agogo apafupi kuti madzi anafika pati chaka cha Freddy, 2023. Mozungulira thirani miyala ya kwale. Imaletsa udzu kumera, imamwa mafuta akadontha, ndiponso imachepetsa ngozi kwa munthu woimapo magetsi akathawira m'nthaka. Mpanda ukhale wa waya kapena wa zitsulo zodutsa mphepo, geti lotsegukira kunja, loko, ndi chikwangwani cha ngozi chimene mwana wosadziwa kuwerenga angachimve.

Mafuta ndi nkhani ina. Thanki ija ndi yodzaza mafuta oziziritsa, ndipo amayaka. Muyezo wa mayiko onse wa IEC umati thiransifoma ya panja yokhala ndi malita 1,000 mpaka 2,000 italikirane ndi khoma losayaka mamita atatu, koma ndi khoma loti lingayake mamita 7.5. Zazing'ono za m'midzi sizifika malita amenewo, koma nzeru yake ndi yomweyo: chisakasa cha udzu, shedi ya matabwa, mulu wa nkhuni za bulugama, zonsezi zipite kutali kuposa khoma la njerwa. Mbali yoyang'ana thiransifoma isakhale ndi zenera la chipinda chogona kapena khomo lokhalo lotulukira. Ngakhale popanda moto, kulira kwake kuja, kwa hmmm usiku wonse, mudzatopa nako.

Mkati mwa nyumba: bokosi la maswichi ndi mathiransifoma aang'ono

Apa ndiye pathu penipeni ife oika mawaya, ndipo ndi pamene eni nyumba amatipanikiza kwambiri, poti aliyense amafuna bokosi likabisike pakona.

Malamulo a ku America, a NEC, ali ndi manambala osavuta kukumbukira, ndipo ine ndimawagwiritsa ntchito ngati poyambira. Kutsogolo kwa bokosi kapena thiransifoma ya mavoti osapitirira 600 pakhale malo opanda kanthu masentimita 90 mpaka mita 1.2, kutengera mphamvu ya magetsi ndi chimene chili kumbuyo kwa munthu wogwira ntchitoyo. Kumbuyo kwake kukakhala khoma la njerwa kapena konkire, pa mavoti 400 siyani mita imodzi n'kupitirirako pang'ono. Kukakhala bokosi linanso lamagetsi, mita 1.2. M'lifupi musachepere masentimita 76, kapena kukula kwa bokosilo ngati lili lalikulu kuposa pamenepo. Kumwamba mamita awiri, kuti munthu aime chilili. Chitseko cha bokosi chizitseguka chonse mpaka kuima chopingasa, osagunda mota, chipilala kapena lamba wa chigayo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Imani kutsogolo kwa pamene padzakhale bokosi, tsegulani chitseko m'maganizo, gwadani ngati mukumanga waya wa pansi, kenako dzukani mwadzidzidzi mubwerere m'mbuyo masitepe awiri. Mukagunda kanthu, malowo achepa. Munthu akagwidwa ndi magetsi kapena moto ukathetheka m'bokosi, sayang'ana kumbuyo pothawa.

Thiransifoma youma, yopanda mafuta, imene ena amaika m'nyumba ya makina kapena m'shopu ya zowotcherera, imazizira ndi mphepo yolowa m'munsi n'kutulukira pamwamba. Musaigunditse kukhoma. Onani pachitsulo cholembedwa dzina lake kapena m'kabuku kake mpata umene opanga anena, ndipo italikirane ndi matabwa, makatoni kapena matumba masentimita osachepera 30. Kutentha ndi kumene kumadya thiransifoma pang'onopang'ono. Akatswiri amati ikamagwira ntchito yotentha madigiri 6 mpaka 8 kuposa muyezo wake, moyo wa zokutira mawaya ake umafupika ndi theka. M'chigayo mdani wamkulu ndi fumbi la ufa ndi gaga. Limamatira m'timabowo ta mphepo ngati phala, chinyezi cha kuno chikabwera limauma gwa. Ngati mungathe, bokosi ndi sitata, chipangizo choyatsira mota, zikhale m'kachipinda kakekake, kokhala ndi njerwa zamabowo pansi ndi pamwamba, kutali ndi kumene ufa umatulukira.

Mukamaliza, pentani mzere wachikasu pansi kuzungulira malo amenewo. Popanda mzere, pakutha kwa sabata mudzapeza pali matumba a chimanga, njinga ya wogayitsa ndi ndowa ya madzi.

Njira ya kebulo, ndi zimene zili pansi pa nthaka

Bambo a chigayo aja sanalakwitse zonse. Kutalikira kwambiri nakonso kuli ndi mtengo wake: kebulo ikatalika magetsi amafooka panjira, ndipo mota yolizidwa mwachindunji imakoka mphamvu yochuluka mwina kasanu ndi kamodzi kuposa ikamayenda, n'chifukwa chake mababu a oyandikana nawo amaphethira chigayo chikamayamba. Mankhwala ake si kukankhira nyumba kupholo. Ndi kugula kebulo yonenepa mokwanira mtundawo, ndi kuika sitata ya star-delta, imene imachepetsa mphamvu imene mota imakoka poyamba. Mmisiri wanu awerengere, asangoyerekeza ndi maso.

Kebulo ikadutsa m'mwamba, isakhudze malata kapena nthambi, ndipo podutsa msewu ikwere. Ku Britain lamulo limati mamita 5.8 pamwamba pa msewu. Kumbukirani malole a tiyi ndi a nthochi mmene amasanjikizira katundu, wina atakhalanso pamwamba pake. Ikadutsa pansi, ikhale ya armoured, yokutidwa ndi zitsulo, m'ngalande yakuya masentimita 60, mchenga pansi ndi pamwamba pake, kenako tepi yochenjeza musanakwirire konse, kuti wodzakumba m'tsogolo ayambe waona tepi khasu lisanafike pa kebulo. Jambulani njira yake papepala lija.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thiransifoma ili ndi mizu. Waya uja wotsika ndi pholo n'kulowa m'nthaka ndi wa earth, ndipo pansipo umapitirira mamita angapo, wolumikizidwa ku zitsulo zokhomedwa m'dothi. Ndi umene umatenga mphenzi ndi magetsi osochera n'kuwataya pansi. Musakumbe dzenje la chimbudzi, la zinyalala kapena ngalande ya madzi pafupi ndi mapolowo musanafunse eni ake kumene mizuyo yadutsa. Musalumikize earth ya nyumba yanu ku waya umenewo, ndipo chitsulo chanu cha earth chikhomedwe kwanu, kutali nawo. Mukaona wayayo wadulidwa, poti akuba kopa ndi mafuta sagona, kanenani tsiku lomwelo. Thiransifoma yodulidwa earth imagwirabe ntchito ngati palibe chachitika, koma mawailesi ndi mafiriji a mudzi wonse amakhala ali pachiswe, pamodzi ndi mwana aliyense wotsamira pholo.

Waya ukaduka n'kugwa pansi, kapena thiransifoma ikamathetheka moto, aliyense atalikire mamita khumi. Musathire madzi. Ngati wagwera pafupi nanu, chokani mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi, osaponda masitepe akuluakulu, chifukwa nthaka yozungulira imakhala ndi magetsi ndipo amalowera mwendo uwu n'kutulukira winawo.

Bwererani mvula ikatha

Dothi la kuno silikana mbewu. Malo amene munasiya oyera mu September, pofika April mudzapeza mphukira za nthochi zafika m'chiuno, nsungwi za mnansi zaweramira pa mawaya, ndipo bulugama amene anadulidwa waphukanso nthambi zisanu. Zazing'ono zulani zikadali zazing'ono. Mtengo umene wafika kale pafupi ndi mawaya musaudule nokha, itanani eni magetsi ayambe azimitsa. Pobzala, yerekezani kutalika kumene mtengowo udzafike ukakula: ngati utagwa ungafike pa waya, pamenepo si pake. Chinangwa, mbatata ndi nanazi sizivuta, bola zisafike patsinde pa mapolo pamene pali mizu ija.

Anthu nawonso amamera. Pachigayo pamabwera anthu, pobwera anthu pamabwera malonda. Ku chigayo chija ndinabwererako patapita miyezi ingapo kukaona sitata imene inkavuta. Khoma latsopano linali pamzere wake, bokosi likutseguka bwinobwino, mzere wachikasu ukuonekabe. Koma kuseri, pakati penipeni pa mapolo awiri aja, mnyamata wina anali ataika chiwaya cha tchipisi, moto uli lawilawi, ndipo chingwe cha lona wake anachimanga ku waya wa earth. Amayi awiri anali atakhala pa benchi pomwepo kudikira ufa wawo.

"Achimwene, apa ndiye ayi," ndinamuuza.

"Pali mthunzi, amisiri. Komanso mvula sifika kwambiri."

Ndinaitana mwini chigayo. Ulendo uno sanatsutse. Tinanyamula chiwayacho atatu, mafuta akutakataka, mpaka pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu, ndipo mawa lake anagula waya wa mpanda.